Amphaka opanda mwini mu Lusaka

Amphaka opanda mwini, omwe anthu a mu Lusaka amawatchulanso kuti apusi kapena achona, ndi aja obadwira m'ngalande, kudenga ndi pamitaya ya zinyalala, osazolowera dzanja la munthu. Amachuluka paliponse pomwe pakutayidwa chakudya: kuseri kwa malesitilanti m'tauni, pafupi ndi msika wa Soweto, m'mafulati a ku Kabwata, ngakhalenso m'mipanda ya ku Woodlands ndi Kabulonga, komwe amalumpha khoma usiku kudzagwira anapiye.

Mphaka amakhala ndi bere masiku pafupifupi 65, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Kuwathirira poizoni sikuthandiza: akafa awa amabwera ena, makoswe amapeza mpata, ndipo nyambo ija imatha kupha galu wa pakhomo, mwinanso mwana. Chothandiza n'kuvundikira mabini, kutseka mabowo a kudenga, ndi kuwagwira kuti akawabaye katemera ndi kuwatseka asaberekenso. Bungwe la Lusaka Animal Welfare Society ndi madokotala a ziweto amagwira ntchitoyi.

Choopsa kwambiri ndi chiwewe. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.