Chingerezi ndi Sukulu Zachifundo ku Simonga: Phunziro la Mbiri

Simonga ndi mudzi umene uli pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, kumadzulo kwa mzinda wa Livingstone, pa msewu wopita ku Kazungula. Anthu akumeneko amalankhula makamaka Chitonga ndi Chilozi, ndipo Chinyanja chimamveka kwambiri m'tauni. Koma ntchito zamalipiro, monga za m'nyumba zogona alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, zimafuna Chingerezi. M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti mabungwe achifundo ophunzitsa ana osauka m'derali analowa mumkangano wakale wa chilankhulo chophunzitsira, ndipo kuti mbiri ya mkanganowo ili ndi phunziro kwa iwo.

M'chaka cha 1927, bungwe lolangiza boma la atsamunda pa maphunziro a anthu akuda linasankha Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi kuti zikhale zilankhulo za m'makalasi oyambirira. Zinthu zinasintha ufulu utayandikira. Mu 1963 akatswiri a UNESCO analangiza kuti ana aziphunzira mu Chingerezi, ndipo mu 1965, pamene a John Mwanakatwe anali nduna ya maphunziro, boma linavomereza mfundoyi. Lamulo la maphunziro la 1966 linaikhazikitsa. Chotero kwa zaka pafupifupi makumi atatu, mwana wa ku Simonga amaphunzitsidwa kuwerenga m'chilankhulo chimene sanachimvepo pakhomo pa makolo ake.

Pofika m'zaka za m'ma 1990, chuma cha dziko chinali chitafooka chifukwa cha kugwa kwa mtengo wa mkuwa ndi ngongole. Makolo amayenera kulipirako pa maphunziro, pamene matenda a Edzi amachulukitsa ana amasiye. Anthu a m'midzi, mipingo ndi mabungwe achifundo anayamba kutsegula sukulu zawozawo. Imodzi mwa izo ndi Tujatane, imene a Vanessa Parker anaitsegula mu 1996 ndi ana 15, pafupi ndi nyumba ya alendo ya Tongabezi. Dzinali ndi la Chitonga, ndipo likutanthauza kuti tigwirane manja. Sukuluyi yakula ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino, ambiri a iwo akunja. Tiyenera kuvomereza kuti ntchito yotereyi inafikira ana amene boma linali lisanawafikire.

Koma m'zaka zomwezo, a Eddie Williams anayerekeza luso la kuwerenga la ana a ku Zambia ndi a ku Malawi. Ana a ku Malawi amaphunzira mu Chichewa zaka zinayi zoyambirira, pamene anzawo a ku Zambia amaphunzira mu Chingerezi kuyambira Giredi 1. Iwo anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni, koma ana a ku Malawi amawerenga Chichewa bwino kwambiri kuposa mmene a ku Zambia amawerengera Chinyanja. Kunena kwina, ana a ku Zambia anataya luso lowerenga chilankhulo chawo popanda kupindulapo Chingerezi choposa cha anzawo.

Boma nalo linazindikira vutoli. Chikalata cha Educating Our Future cha 1996 chinalola kuti ana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chimene akuchidziwa, ndipo mu 2014 zilankhulo za m'dziko zinakhala zophunzitsira kuchokera Giredi 1 mpaka 4. Komabe ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, inabwezeretsa Chingerezi pamalo oyamba.

Sitikutsutsa kufunika kwa Chingerezi. Kholo la ku Simonga lolakalaka kuti mwana wake adzalembedwe ntchito ku hotela silikulakwitsa. Chimene tikunena n'chakuti mlendo wodzipereka wobwera kwa milungu yochepa angathe kuzoloweretsa ana kumva ndi kulankhula Chingerezi, koma sangalowe m'malo mwa mphunzitsi wodziwa Chitonga kapena Chilozi, amene amaika maziko a kuwerenga. Mabungwe achifundo ayenera kuika gawo la ndalama zawo pa kuphunzitsa aphunzitsi otere ndi kusindikiza mabuku a ana m'zilankhulozi. Ife a m'madipatimenti a zilankhulo tili ndi udindo wolemba mabukuwo ndi kuwayesa m'kalasi.