Chilembwe

Ambiri akamva dzinali amakumbuka Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu. Koma chilembwe ndi nyamanso, mphoyo yaikulu ya ubweya wofiirira, makutu ataliatali, nkhope ya mawanga akuda ndi oyera, ndi nyanga zopindikira kumbuyo. Imayenda m'misambi, ndipo wotsogolera amakhala yaikazi yaikulu.

Kwathu kuno zilembwe zatsalira makamaka ku Nyika, paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1965 ndipo malire ake amafika m'mapiri a boma la Karonga. Chisanu cha Juni chikalimba pamwamba pa phiri la Nyika, zambiri zimatsikira m'nkhalango zofunda za m'munsi, kufupi ndi midzi. Kumeneko n'kumene misampha ya waya imazidikira, ndipo n'zopweteka kuti waya sasankha yaimuna kapena ya bere.