Hachiko: Kunali Kukhulupirika Kapena Nkhawa?

Sabata ino tiyeni tikafike ku Japan, tikaone galu amene dziko lonse limamutamanda, kenako tidzifunse ngati tinamumvetsadi.

Hachiko anabadwa mu 1923 m'chigawo cha Akita. Mu 1924 anatengedwa ndi Hidesaburo Ueno, mphunzitsi wa zaulimi pa Tokyo Imperial University. Madzulo aliwonse galuyu ankapita pa siteshoni ya sitima ya Shibuya kukachingamira mbuyake. Pa 21 Meyi 1925, Ueno anamwalira mwadzidzidzi ali ku ntchito, mtsempha wa mu ubongo utaphulika. Nanga galu akanamuuza ndani? Iye anangopitiriza kubwera pa siteshoni paja, mpaka pamene anafa pa 8 Malichi 1935. Tangowerengani nokha: zaka pafupifupi 10.

Poyamba ena ankamuthamangitsa ngati galu wosokera. Zinthu zinasintha mu 1932, nyuzipepala ya Asahi Shimbun italemba nkhani yake. Mu 1934 anamuimikira chiboliboli cha mkuwa iye akadali moyo, ndipo nkhani yake inalowa m'mabuku a sukulu, ana aziphunzirapo kukhulupirika. Chibolibolicho anachisungunula pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kuimika china mu 1948. Anthu anapezapo phunziro, koma funso loti galuyo ankamva bwanji mumtima silinali m'kamwa mwa ambiri.

Funso limenelo analitola ndi asayansi. Mu 1965, John Paul Scott ndi John Fuller a ku Bar Harbor, ku America, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka 13. Anapeza kuti kagalu kamamanga ubale pakati pa masabata 3 ndi 12 chibadwire, ndipo kakasiyidwa kokha pamalo achilendo kamalira kwambiri. Mu 1998, József Topál ndi anzake ku Budapest anatenga njira imene Mary Ainsworth ankayesera ubale wa mwana ndi mayi ake, n'kuyesera agalu. Mwini akatuluka, agalu ambiri ankakhala pakhomo kudikira. Akabwerera, ankamuthamangira kuposa mmene ankachitira ndi mlendo. Mwachidule, galu amadalira mwini wake monga mwana amadalira make.

Ndiye inu amene galu wanu amauwa osaleka, kukanda chitseko, kutafuna nsapato kapena kukodza m'nyumba mukangochoka, musafulumire kunena kuti ndi mwano. Madokotala a ziweto masiku ano amati imeneyo ikhoza kukhala nkhawa yosiyidwa yekha. Kumukwapula mukabwerako kumangowonjezera mantha basi. Chimene chimathandiza n'kumuzoloweza pang'onopang'ono: kuchoka kamphindi, kubwerera asanayambe kuvutika, mawa n'kuwonjezera nthawi.

Alipo amene amati Hachiko ankangotsatira nyama yootcha imene anthu ankamupatsa pa siteshonipo, ndipo n'zoona kuti atafa anamupeza ndi timitengo tobayira nyama m'mimba. Komatu nyama imapezeka malo ambiri mu Tokyo. Bwanji pa Shibuya pomwepo?

Mu 2015, patatha zaka 80 chimwalirire galuyu, University of Tokyo inaimika chiboliboli china: Hachiko akudumphira Ueno, awiriwo atakumananso. Inu mukuti bwanji, abale: chimene timachitamanda kuti kukhulupirika, sichinali chisoni cha galu amene analibe womufotokozera? Tiuzeni maganizo anu.