Mfuti ndi yako, wonga ndi wa eni

Pa pulogalamu ya m'mawa imene ndimaulutsa pa wailesi yathu, anthu amaimba foni n'kunena zimene zawasowetsa tulo. Nthawi yokolola caka cino anaimba bambo wina wa kumalire, mawu ali njenjenje ndi mkwiyo. Akuba anali atamutengera mbuzi zinayi ndi sola ya padenga usiku umodzi. Mlamu wake ali ndi cifefe, mfuti ija ambiri kuno timati kasadera, ndipo mapepala ake onse alipo, koma zipolopolo zinatha kalekale. Kuti azipeze ayenera kutuma munthu ku mzinda wakutali, ndipo ulendo uliwonse amapeza mtengo utakwera. Bamboyo anafunsa kuti, “Nanga ife makomo athu tiziwateteza ndi ciyani?” Atangodula foni anaimbanso ena atatu. Mmodzi mpaka anati bola tibwerere ku gogodera wa makolo.

Mphindi za pa wailesi n'zocepa, ndipo tsiku limenelo sindinayankhe mokwanira. Ndiye ndati ndiyankhe polemba, kwa iyeyo ndi kwa inu nonse a ku Cóbuè, Metangula, Ngauma, Mandimba ndi Mecanhelas amene muli ndi nkhawa yomweyi. Dandaulo la kusowa kwa zipolopolo lakhala nafe m'cigawo cino ca Niassa zaka zoposa 150, ndipo mbadwo uliwonse waona cinthu cofanana: wogwira mfuti amakhala m'manja mwa womugulitsa wonga.

Ine ndinakulira kuno ku Lulimile, koma mcombo wanga unakwiriridwa kunyanja, kufupi ndi Messumba. Agogo anga aamuna anali ndi gogodera amene ankamusomeka m'udzu wa denga. Sindinamve mfutiyo ikulira ngakhale kamodzi. Ndikawafunsa ankaseka n'kuti imeneyo ndi ndodo yolemera cabe, popeza wonga wake unatha iwo asanakwatire. Iwowo ndiwo anayamba kundiuza za nthawi ya malinga, monga anamvera kwa agogo awo. Zina ndinadzaziwerenga m'mabuku nditakula.

M'zaka za m'ma 1800 mafumu aakulu a Ayao, monga Mataka ndi Makanjira, ankatumiza maulendo a malonda ku gombe la nyanja yamcere, ku Kilwa, ku Ibo ndi ku Quelimane. Ankapita ndi minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kubwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi timigolo ta wonga. David Livingstone atafika ku Mwembe, likulu la Mataka, mu 1866, anapeza mudzi wa nyumba pafupifupi 1,000. Cuma ca mudziwo cinali pa njira ya ku Kilwa.

Pamenepa pali cinthu cimene tiyenera kucimvetsa. Mfuti munthu amagula kamodzi, ndipo imakhala mpaka kwa zidzukulu. Wonga umatha. Ukawomba wapita, ukanyowa m'dzinja wawonongeka. Mfumu imene inazolowera kulamula ndi mfuti inkayenera kutumiza ulendo wina caka ndi caka, apo ayi adani ake aipeza ili ndi ndodo zolemera zokhazokha. Minyanga ikacepa, cotsala cogulira wonga cinali anthu. Ambiri mwa anthu amene anayenda ulendo wa ku Kilwa magoli ali m'khosi anali a m'mbali mwa nyanja yathuyi.

Makolo athu Anyanja mfuti anali nazo zocepa. Kucokera kumpoto kunkabwera Angoni aja ankawacha Magwangwara, a mikondo ndi zishango, ndipo kucokera kumapiri kunkabwera ogwira akapolo. William Percival Johnson, wansembe wa Anglikani amene anafika pa gombe lino mu 1882, anapeza anthu ataunjikana m'midzi ikuluikulu yozingidwa ndi malinga, monga ku Messumba ndi kwa Chiteji. Agogo ankati linga linkamangidwa ndi mudzi wonse, nyumba iliyonse ndi mitengo yake. Amayi ankapita kumunda m'magulu, mlonda ali pa culu. Mfuwu ikamveka ng'oma inkalira, ana n'kulowetsedwa m'bango, mabwato ali okonzeka kale. Moyo wake unali wowawa, wa njala ndi matenda cifukwa ca kuthithikana, koma ife amene tikulankhula Cinyanja pa gombe lino lero ndife zidzukulu za anthu amene anapulumukira m'malingamo.

Mu 1890 maiko a ku Ulaya anasainirana pangano ku Brussels. Ponena kuti akuthetsa ukapolo, analetsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu a m'cigawo cacikulu ca Afirika, ndipo ngakhale wonga wa mfuti zakale anauika m'manja mwa maboma a atsamunda. Kilwa inali itagwa m'manja mwa Majeremani, Ibo ndi Quelimane anali a Apwitikizi, ndipo Angerezi anaika sitima zankhondo pa nyanja yathu. Wonga unayamba kuyenda mozemba, ndipo cinthu cozemba cimakwera mtengo. Mafumu aja sanagonje msanga. Anthu a Mataka anapha msilikali wa Cipwitikizi Valadim mu 1890, ndipo a Makanjira anapha Kaputeni Maguire wa Angerezi mu 1891. Koma pofika 1895 Makanjira anali atathamangitsidwa, ndipo mu 1912 Mwembe unalandidwa, Mataka nawoloka Rovuma kuthawira m'dziko la Majeremani. Zifukwa za kugonja kwawo zinali zingapo. Cimodzi n'cakuti ankamenyana ndi anthu omwewo amene anagwira makomo olowera wonga.

Kuyambira pamenepo, mu ulamuliro wa Companhia do Niassa umene unatha mu 1929, ndi wa boma la Apwitikizi pambuyo pake, munthu wakuda kukhala ndi mfuti kunafuna cilolezo ca mzungu. Apa ndi pamene agogodera ambiri analowa m'madenga, kuphatikizapo wa kwathu uja.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964, ndipo kuno ku Niassa mfuti zoyamba zinalira ku Cóbuè. M'masiku oyambawo anthu ena a m'midzi anasolola mfuti zakale zija, zimene Apwitikizi ankazicha canhangulo, koma nkhondo yeniyeni inadalira zida zocokera ku Tanzania. Kunalibe galimoto yozibweretsa. Mabokosi a zipolopolo ankayenda pamitu ya anthu, ambiri a iwo amayi ndi atsikana, ulendo wa masiku ambiri m'nkhalango. Akuluakulu amene anasenzako akadalipo ku Sanga ndi ku Lago. Afunseni kulemera kwa bokosi limodzi, ndipo muwafunsenso zimene zinkacitika ku msasa ulendo wa onyamula ukacedwa.

Zimene ndinaona ndekha ndi za nkhondo ya zaka 16. Bambo anga anasankhidwa kukhala mmodzi wa amilisiya a m'mudzi. Anapatsidwa mfuti ndi zipolopolo zoti munthu n'kuziwerenga ndi zala za manja awiri, ndipo anauzidwa kuti zina zidzabwera. Usiku ankagona panja, mfuti ili pa cifuwa, ife tili m'nyumba n'kumadziona otetezeka kuposa anzathu. Mu 1986, m'bandakuca wina, mayi wina woyandikana nafe anadzuka kuti akasinje, namva agalu akuuwa mwacilendo kumtunda. Anathamangira ku sukulu n'kuyamba kumenya citsulo cija cinkaitana ana. Mudzi wonse unathawira kunyanja. Bambo anawomba kawiri m'mwamba, natsatira ife. Titabwerako tinapeza nyumba zowotchedwa zili zocepa, koma yathu inali yoyamba, cifukwa obwerawo ankadziwa makomo amene munali mfuti ndipo ankazifuna. Palibe wa m'banja lathu amene anafa tsiku limenelo, ndipo amayi mpaka kumwalira kwawo ankathokoza mayi wa citsulo uja.

Caka comweco tinasamukira ku Lichinga. Mzinda unali ngati cilumba, msewu ndi njanji ya ku Cuamba zili zoopsa kuyendamo. Mu 1987 boma linatsitsa mphamvu ya metikali ndipo mitengo inalumpha. Mcere, sopo ndi shuga zinkapezeka pa kandonga, zambiri zocokera ku Malawi. Ndili mnyamata ndinaona ndi maso anga munthu wovala yunifolomu akusinthanitsa zipolopolo ndi mbale ya ufa. Anali ndi njala ngati ife. Koma zipolopolo zogulitsidwa cotero palibe ankadziwa kuti zikathera m'thupi la yani. Kumapeto kwa nkhondoyo, ku Zambézia ndi ku Nampula, alimi otopa anatsatira Manuel António ndi gulu lake la Naparama, namenya nkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, atatemera mankhwala amene ankakhulupirira kuti amaletsa cipolopolo. Mtsogoleri wawoyo anaphedwa mu Disembala 1991. Anthu anafika pamenepo cifukwa analibenso wowadalira.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Asilikali a ONUMOZ anasonkhanitsa zida zambiri, koma zina zinatsala m'maenje ndi m'madenga. Mu 1995 Bungwe la Mipingo ya Cikhristu m'Mozambiki, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba nchito yosandutsa zida kukhala makasu. Wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, osafunsidwa dzina. Zida ndi zipolopolo zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa. Zina amisiri anazidula n'kupanga zosema, ndipo mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga ndi zidutswa za mfuti mu 2001 uli ku British Museum ku London. Gogodera wa agogo sanafike kutali cotero. Iwo atamwalira, thabwa lake linali litadyedwa ndi ciswe, ndipo mpope wake unathera kwa mayi wina wophika kacasu.

Tsopano ndibwerere kwa bambo wa mbuzi zinayi uja. Mantha anu, bambo, ndi oona. Akuba alipo. Njovu ndi mvuu zikutha minda. Kumapeto kwa 2021 zigawenga za ku Cabo Delgado zinalowa m'boma la Mecula, anthu nathawa m'midzi yawo, ndipo tonse tinakumbuka zakale. Sindikunyoza munthu amene ali ndi cifefe ca cilolezo ca apolisi. Koma onani kumene zipolopolo zake zimacokera. Zimapangidwa kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zimatsikira ku madoko akutali, kenaka n'kuyenda mtunda wonsewo kufika kuno. Mu 2020 ngakhale ku America, kumene kuli mafakitale ake, masitolo anakhala opanda zipolopolo ndipo mitengo inakwera. Ngati eni fakitale anasowa, ife a kumapeto kwa msewu tingayembekezere ciyani? Njira ya ku Kilwa ija ikadalipo, yangosintha madoko.

Kwa amene mukuganiza za gogodera, kapena zogula zipolopolo mozemba kutsidya kwa malire, ndikukupemphani ngati mbale wanu. Mfuti yopanda mapepala ndi mlandu kuno ndi ku Malawi komwe, ndipo bambo akakhala m'ndende khomo lake limatsala lopanda mlonda. Mfuti yosula pamudzi imaphulikira mwini wake. M'midzi yathu muli akuluakulu opanda zala amene angacitire umboni. Cifefe naco cimamwaza tizitsulo take ponseponse. Mumdima sicisiyanitsa wakuba ndi mphwanu amene akucokera kokawedza usipa, ndipo khoma la bango kapena la zidina zosawotcha si lodalirika pamene kuseri kwake kwagona ana.

Cimene cinapulumutsa makolo athu m'malinga, ndi cimene cinapulumutsa banja lathu mu 1986, cikadali m'manja mwathu ndipo sicidikira sitima. Ndalama ya bokosi limodzi la zipolopolo ingagule mawezulo a nyumba zingapo, loko wolimba ndi mitengo ya khola. Makola a mabanja oyandikana angamangidwe pamodzi, amuna n'kumalondera mosinthana. Foni ya mfumu, ya apolisi ndi ya oyang'anira citetezo ca m'mudzi ikhale yolembedwa pa khoma la nyumba iliyonse, kuti ndi mwana yemwe athe kuimba. M'midzi ina ya m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa alimi akuchinga minda ndi ming'oma ya njuci, cifukwa njovu imaopa njuci, ndipo uci amagulitsa. Mutu umodzi susenza denga. Koma pali cenjezo limodzi: wakuba akagwidwa apite ku polisi ali wamoyo. Mudzi umene wawotcha munthu umakhala ndi mlandu woposa wa mbuzi, ndipo kangapo konse wowotchedwayo amadzapezeka kuti sanali iye.

Ifenso a wailesi tili ndi mbali yathu. Ziweto zikabedwa, imbani m'mawa womwewo, munene mtundu wake, zizindikiro za m'makutu ndi njira imene mapazi alowera. Tidzaulutsa m'Cinyanja ndi m'Ciyao, kuti ogula nyama m'misika ya mbali zonse ziwiri za malire amve mbuzizo zisanafike. Bambo aja anandiuza kuti imodzi mwa mbuzi zawo ndi yathonde yakuda, yothyoka nyanga ya kumanzere. Amene mwaiona, mukudziwa kotipeza.