Kulumidwa ndi njoka: zimene ofufuza apeza ndi zoyenera kuchita ku Lifuwu

Ku Lifuwu, m'boma la Salima, moyo wathu watsamira pa mpunga ndi nsomba. Ntchito zonsezi zimatiyendetsa m'madimba, m'maudzu ndi m'mphepete mwa nyanja m'bandakucha kapena kutada, ndipo nthawi yomweyo ndi imene timapita kumzikiti kukaswali Fajr ndi Isha. Apa ndi pamene munthu amakumana ndi njoka, makamaka m'dzinja madzi akazitulutsa m'maenje.

Kwa zaka zambiri vutoli silinkawerengedwa pamodzi ndi malungo kapena likodzo. Mu 2017 bungwe la World Health Organization (WHO) linaliika pamndandanda wa matenda a m'mayiko otentha amene ananyalanyazidwa, ndipo mu 2019 linakhazikitsa ndondomeko yochepetsa ndi theka imfa ndi ulumali pofika 2030. Bungweli limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amamwalira padziko lonse, ndipo odulidwa ziwalo kapena kulumala amachuluka pafupifupi katatu kuposa apa. Kuno kwathu, kafukufuku wa m'boma la Neno amene anatuluka mu 2022 anasonyeza kuti ogwira ntchito zachipatala ambiri amafunika maphunziro owonjezera pa kuzindikira njoka ndi kuthandiza olumidwa.

Ululu wa njoka si umodzi. Wa mphiri umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu, ndiye chifukwa chake ena amataya mwendo. Wa songo umafooketsa minyewa: zikope zimagwa, malovu amatuluka, kenako kupuma kumavuta, nthawi zina m'maola ochepa. Mamba yolavula imathira ululu m'maso, ndipo pamenepo chofunika ndi kutsuka m'maso msanga ndi madzi oyera ambiri.

Mankhwala okhawo othetsa ululuwu ndi antivenom. Amapangidwa pobaya mahatchi ululu wochepa kwambiri, kenako n'kutenga chitetezo chimene magazi awo apanga. Ndi okwera mtengo, ndipo amagwira pa mitundu ya njoka imene anapangidwira basi. Kampani ya Sanofi Pasteur itasiya kupanga Fav-Afrique, amene ankadaliridwa kwambiri mu Africa, otsala ake anatha mphamvu mu 2016. N'chifukwa chake ofufuza, monga a ku Liverpool School of Tropical Medicine, akufunafuna mankhwala otsika mtengo ogwira pa njoka zambiri nthawi imodzi.

Koma chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa. Tikudziwa Hadith ya Abu Sa'id Al-Khudri (Allah asangalale naye) ya m'Sahih Bukhari, pamene Swahaba wina anawerengera Surat Al-Fatiha mfumu imene inalumidwa, ndipo Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anavomereza. Ruqya ndi yololedwa. Mtumiki yemweyo anatilamulanso kufunafuna mankhwala. Choncho dua iwerengedwe muli panjinga kapena m'galimoto, osati kukhala pakhonde kudikira mpaka mwendo utada.

Wolumidwa achotsedwe pamalopo, akhazikitsidwe mtima pansi, avulidwe mphete, nsapato ndi chilichonse chothina. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke. Chimangiriridwe ku kamtengo momasuka ndipo munthuyo anyamulidwe, asayende yekha. Musamange zolimba ndi chingwe kapena mphira, musateme, musayamwe bala, musadalire mwala wakuda. Kafukufuku sanapeze phindu lake. Musataye nthawi kusaka njokayo. Ngati akusanza, agonekedwe chammbali. Aspirin ndi ibuprofen asapatsidwe chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Thamangirani ku Lifuwu Health Centre, kumene angamutumize ku chipatala cha boma ku Salima ngati kuli kofunika.

Popita ku Fajr nyamulani tochi ndipo valani nsapato zotseka. Lambulani pabwalo la mzikiti ndi madrasa, sungani mpunga patali ndi pogona chifukwa makoswe amakoka njoka. Neti yopindiridwa bwino kunsi kwa mphasa kapena matiresi imatchinga udzudzu wa malungo komanso njoka zolowa m'nyumba usiku.