Alimi osaona a ku Chinguluwe

Chigwa cha Salima n'chakale pa ulimi wa thonje. Njanji inafika kumeneko mu 1935, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma la Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, linayambitsa chitukuko cha ulimi m'mbali mwa nyanja. Tchire linagwa, masikimu anatsegulidwa, anthu ochokera m'maboma ena anagawiridwa minda. Ku sikimu ya Chinguluwe, ena mwa amene analandira malo anali alimi osaona.

Ulimiwo ankauphunzira ku Mulanje, kusukulu yophunzitsa anthu osaona ntchito zamanja. Pobzala, mlimi wotere amakoka chingwe chomangidwa mfundo kuchoka pachikhomo china kukafika pa china: pamene pali mfundo, pamenepo ndiye phando. Popalira, zala ndizo zimasiyanitsa mbewu ndi udzu. Thonje likakhwima silivuta n'komwe, chifukwa lophulika limadziwika ndi kufewa kwake m'dzanja. Ntchito zina, monga kupopera mankhwala ndi kusankha thonje loyera pa lothimbirira, apabanja ankaikapo dzanja, monganso zimakhalira pakhomo pa mlimi aliyense. Pamsika wa ADMARC sikelo sinkafunsa kuti walima ndani.

Zimenezi zinkachitika pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa mwana waulumali kuseri kwa nyumba, ena n'kumamuyendetsa m'misika kuti azipempha.

Lamulo la 1971 linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA, lomwe linadzayendetsa fakitale yowomba nsalu ku Bangwe mu Blantyre ndi sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu. Anthu anapezadi chochita, koma makomo ake anali owerengeka: utelala, ukalipentala, kuwomba nsalu, ndipo kwa wosaona amene wapitako patali ndi sukulu, uphunzitsi kapena kulumikiza mafoni pa switchboard. Wa ku Salima wofuna luso ankayenera kusiya kwawo. Ntchito ankachita kumusankhira ena. Ngakhale sikimu ya Chinguluwe, ndi ubwino wake wonse, inali njira yosonkhanitsa anthu pamalo amodzi osati yowatsegulira ntchito paliponse.

Mawu a anthu aulumali anayamba kumveka bwino atadzipangira mabungwe awoawo, omwe anagwirizana mu FEDOMA mu 1999. Lamulo la 2012 linaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, ndipo la 2024 linabweretsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA.

Lero Salima sadaliranso thonje lokha. Kuli mahotela ku Senga Bay, fakitale ya shuga, magetsi a dzuwa amene anayamba mu 2021, mpunga wa ku Lifuwu. Koma kwa anthu aulumali, vuto latsala pa kamvedwe ka uthenga. Ntchito ikapezeka, chidziwitso chimamatidwa pabolodi kapena kutumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi, chimene foni yowerengera wosaona imavutika kutchula. Wosamva amaitanidwa ku intavyu popanda womasulira chinenero cha manja. Wa panjinga ya olumala amathera pamasitepe.

Olemba ntchito m'bomali alengeze mwayi pawailesi, autumizenso kumabungwe a anthu aulumali m'malemba owerengeka pafoni, ndipo alembe poyera kuti aulumali nawonso afunsire.