Blantyre Winayo, wa M'mbali mwa Clyde

Tsiku la msika pa Limbuli, pamene njinga zakapalasa zafika kuchokera ku Milange zitasenza matumba a chimanga ndi nandolo, ndipo oitanira minibasi akupikisana kufuula kuti "Limbe! Blantyre!", ndi owerengeka mwa okwerawo amene amalingalira kuti dzina lachiwirilo, ngakhale lidazolowereka pakamwa pathu monga mchere m'ndiwo, ndi mlendo amene adaoloka nyanja, nasiya mwini wake ali chikhalire m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland.

Mudzi wa Blantyre wa ku Scotlandwo ngwakalekale. M'zaka za m'ma 1200 amonke adamanga nyumba yawo ya mapemphero pa thanthwe loyang'ana mtsinje, ndipo lero padangotsala mabwinja. Koma chimene chidaukuza mudziwo ndicho thonje, pakuti m'chaka cha 1785 padamangidwa fakitale yopota ulusi, yoyendetsedwa ndi mphamvu ya madzi a Clyde, ndipo pambali pake padaimikidwa midadada ya nyumba za antchito. Mu umodzi wa midadadayo, wotchedwa Shuttle Row, m'chipinda chimodzi chimene banja lonse linkaphikiramo ndi kugonamo, mudabadwa David Livingstone pa 19 Malichi 1813.

Apa ndipo mtima wanga umaima, chifukwa ife a kuno kuminda ya tiyi, amene timadziwa kulawira mame asadakamuke dengu lili kumsana, sitifunika womasulira kuti timvetse moyo wa mwanayo. Ali ndi zaka khumi zokha adalowa ntchito yolumikiza ulusi woduka pa makina, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo akaweruka, m'malo mokagona, ankakhalanso pa sukulu maola awiri. Adadya thukuta la nkhope yake asadamere ndevu. Tsono amene amayesa kuti dzina la mzinda wathu wa malonda lidachokera kubwalo la mafumu, adziwe kuti lidachokera kumudzi wa anthu olembedwa ntchito, a zikhatho zokakala monga zathuzi.

Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, a Mpingo wa Scotland adatuma Henry Henderson, amene mu 1876 adasankha malo omangapo misyoni m'dziko la Mfumu Kapeni, ndipo misyoniyo idatchedwa dzina la kwawo kwa malemuyo. Patangopita chaka chimodzi, pa 22 Okutobala 1877, mgodi wa malasha udaphulika ku Blantyre wa ku Scotland, nupha anthu oposa 200, ena a iwo anyamata achichepere. Kotero pamene mwana ankayamba kukwawa kuno, make kutsidyako anali pa maliro.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, adatero makolo, ndipo kalumoko kadafika mpaka kuno kwathu. Mbewu zochokera ku mitengo ya tiyi ya pa misyoni ya Blantyre ndizo mlimi wina, Henry Brown, adabzala ku Mulanje mu 1891, ndipo zidazika mizu pa Thornwood ndi pa Lauderdale, lomwenso ndi dzina la chigwa cha ku Scotland. Kuti kalumoko kadametanso minda ya makolo athu ndi kudzetsa thangata, akuluakulu a m'midzi muno sadaiwale.

Ku Scotland kuja, nyumba ya Shuttle Row idatsala pang'ono kugwetsedwa, koma anthu adasonkha ndalama, pamodzi ndi ana a Sande Sukulu, ndipo mu 1929 idatsegulidwa kukhala yosungiramo mbiri. Chipinda chija chilipobe, ndi mabedi ake olowa m'khoma.